Injini ya Atate Inatsala M'manja mwa Boma

Tsiku limenelo ndinadzuka ndikukangana ndi amayi pa nkhani ya sopo. Iwo ankati ndamaliza ine. Ine ndinkati amaliza makoswe. Makoswe akumeneko anali aakulu ngati ana a mbuzi, ndiye mlandu ukanawagwira bwinobwino.

Zakeyo, iwe unali m'mimba, ndiye usamauze anzako kuti unaona. Ndikulembera izi kuti ukadzadziwa kuwerenga udzazimve kwa ine mlongo wako, osati kwa anthu a pagombe. Ndikudziwa kuti pano pa Cobue amanditcha Wailesi. Amati Marita akaona kambuzi amanena kuti waona kampango. Chabwino. Koma za tsiku limenelo sindiwonjezerapo kanthu.

Tinali kutali ndi kwathu. Atate, a Barnaba, anatitenga kuchoka kuno kupita kugombe la nyanja ya mchere, kumpoto kwa Pemba, atamva kuti kumeneko nsomba zikugulidwa bwino. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Boti anakagula komweko. Injini anachoka nayo kuno, ya mahatchi khumi ndi asanu yomwe timati ya kinze, yotuwa. Pa lole anaikumbatira ulendo wonse. Ine ndi amayi tinakhala pa matumba a nyemba.

Chogwirira cha chingwe chokoka poliza injiniyo chinathyoka kalekale. Atate anasema china kuchokera ku nkhafi yakale ya ambuye athu, bambo awo. Chinali chakuda ndi thukuta, chosalala, chokhota pang'ono mbali imodzi.

Tsopano umvetse za nyanja ija. Si ngati yathuyi. Yathuyi ukaisiya madzulo pa mwala uwu, m'mawa umaipeza pa mwala womwewo. Ija imayenda. Imachoka, n'kupita kutali mpaka imangooneka ngati kansalu kowala, n'kusiya mchenga ndi matope ndi tinkhanu. Kenako imabwerera. Tsiku lililonse imatero.

Eni dziko amadziwa. Maboti awo amawasiya kutali, mumtsinje wa m'nyanja momwe madzi sauma, iwo n'kubwera pansi. Atate ayi. Atate ankabwera madzi atadzaza, n'kukokera boti mpaka pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu, n'kulimangirira pamenepo. Ngati kuno. Ankati boti ligone pomwe mwini wake akuliona.

Gombe lonse linkaseka. Kumeneko atate ankawatcha Mnyanja, potengera mtundu wathu. Ankati, "Mnyanja wamangirira mbuzi yake." Woseka kwambiri anali a Sumaila, mwini ngalawa yaikulu ya thanga, munthu wa ndevu zoyera pakati pokha. Ankawauza atate kuti tsiku lina adzafuna kupita nyanja itapita. Atate ankangoyankha kuti nyanja yaulemu imadikira mwini boti.

M'mawa umenewo atate ankasoka ukonde pakhonde. Amayi ankachapa popanda sopo, akundinena. Kenako kunamveka ngati malata akugwa pa lole, cha kumsika. Kamodzi. Kenako kambirimbiri. Zinali mfuti.

Nkhuku zinasiya kutola.

Mayi wina woyandikana nafe anadutsa akuthamanga, matiresi ali pamutu. Atafika pa chitsime anawataya. Sanacheuke. Kumsika kunali utsi wakuda, wowongoka, chifukwa kunalibe mphepo.

Atate anayang'ana boti. Linali litagona chammbali pa mchenga wouma, chingwe chake chili pa mango. Nyanja inali itapita.

Anamasula injini, n'kuiika paphewa. Ine anandipatsa tanki yofiira ya gazolina, petulo wa injini, ndi paipi yake. Amayi anatenga ndowa yomwe ankachapira, zovala zonyowa zili momwemo. Mpaka lero sadziwa chifukwa chake anatenga ndowayo n'kusiya chikwama cha mapepala.

Tinayamba kuyenda kutsata nyanja. Mchenga unatha, matope anayamba. Patapata langa limodzi linatsalira m'matope. Ndinafuna kulizula, amayi anandikoka khutu. Zigoba zinkacheka kumapazi. Mbali zonse kunali anthu, angoti mbwee, aliyense ndi chomwe dzanja linagwira. Bambo wina ananyamula wailesi yopanda mabatire. Mtsikana wa m'kalasi mwathu ananyamula mng'ono wake ndi poto.

Ine ndinkayenda kumbuyo kwa atate. Chopalasira cha injini chinkawakanda pamsana pa sitepe iliyonse. Malaya awo anali ndi mzere wofiira womwe unkatalika.

Titafika pamadzi, maboti a injini onse anali atapita. Inatsala ngalawa ya a Sumaila. Anthu anali atadzaza kale. Thanga linangolendewera ngati nsalu yoyanika. Mphepo kunalibe ndi pang'ono pomwe.

A Sumaila anaona injini paphewa la atate. Sanaseke. Anauza anthu kuti asendere.

Ngalawa ya thanga ilibe pomangira injini. Atate anazula thabwa lokhalira, n'kulimanga kumbuyo ndi chingwe cha ngalawayo, n'kumangirirapo injini. Anagwira ntchitoyo madzi ali m'chiuno. Atamaliza anatenga tanki ija kwa ine, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu.

Anati gazolina ameneyu sangatifikitse kutali, angotidutsitsa pa ndomo, pomwe mtunda umalowa m'nyanja. Chigubu chachikulu chinali kunyumba, pansi pa bedi.

Amayi anawagwira dzanja. Atate anachotsa dzanjalo bwinobwino. Anandiyang'ana ine.

"Kuliza umadziwa."

Ndinkadziwa. M'mawa uliwonse ndinkawathandiza, chifukwa analibe mwana wamwamuna. Iwe unachedwa.

Atate anabwerera kukatenga chigubucho. Poyamba ankangoyenda mwachangu. Kenako anayamba kuthamanga. Ankachepa, n'kumachepa. Ndikuganiza kuti ndinawaona akufika pa mango paja. Sindingalumbire.

Nyanja inayamba kubwerera. Simabwera ndi mafunde ngati mwera. Imakwawa. Imayamba kudzaza mapazi a anthu m'matope, limodzilimodzi, kenako mapaziwo osaonekanso.

Pagombe panatulukira anthu ena. Ankayenda mondondozana. Sankathamanga. Tsiku limenelo munthu wosathamanga ndi amene ankaopsa.

Anthu m'ngalawa anayamba kukuwa kuti tizipita. A Sumaila ankangoyendetsa mikanda yawo yopempherera m'zala, maso ali kumtunda. Anadikira. Izi ndikufuna uzidziwe, Zakeyo. Bambo uja anadikira mpaka thanga lake linabooka pamwamba, kabowo kozungulira, kuwala n'kumalowa.

Pamenepo anayang'ana amayi. Sanawafunse ndi pakamwa.

Amayi anati, "Marita, liza."

Ndinafinya kampira ka paipi mpaka kanalimba. Ndinaponda pa thabwa. Ndinagwira chogwirira chija ndi manja awiri. Injini imeneyo inali yamwano, m'mawa uliwonse inkafuna kunyengereredwa ngati mkwatibwi. Tsiku limenelo inalira ndikangokoka koyamba.

Amayi anakhala choyang'ana kumbuyo, ndowa ili pamiyendo.

Gazolina anatha pomwe atate ananena, titangodutsa ndomo ija. Injini inatsokomola, n'kukhala chete. Tinangoyandama. Patapita kanthawi mphepo inabwera, thanga linadzaza, ngalawa inayamba kuyenda. Chigubu chija sitinachifune.

Za m'njira ndikumbukira zochepa. Ludzu. Mayi wina anathyola chinangwa chachiwisi n'kundipatsa mbali yaikulu. Amayi ankafinyira anthu zovala zonyowa zija pamilomo, madzi ake a m'chitsime. Khanda lina linalira kwambiri, kenako linasiya, ndipo palibe amene anafunsa. Phazi langa lopanda patapata linatupa.

Tinafika pa Pemba mawa lake dzuwa lili pamutu. Pagombe panali tebulo, ndi anthu a boma. Ankalemba maina, n'kumasecha katundu. Anati injini zonse zochokera kumbali ya nkhondo zikhale kaye m'manja mwa boma mpaka mwini wake abwere ndi mapepala, chifukwa anthu osathamanga aja nawonso ankayenda pa maboti. Sanatikalipire. Mnyamata wina anamangirira kachikwangwani pa injini, n'kupatsa amayi kapepala. Anthu awiri anainyamula. Awiri, pomwe atate ananyamula okha.

Kapepalako amayi anakamanga pa nsonga ya kapulana, chitenje chawo. Tsiku lochapa anaiwala. Kanasanduka phala.

Tinakhala pagombe limenelo kudikira. Ngalawa iliyonse ikamafika tinkaimirira. Ankatsika anthu ambirimbiri. Ena tinkawadziwa. Tikawafunsa za Mnyanja ankapukusa mutu.

Mimba inakula. Amalume a Tomé, achimwene awo a amayi, anatumiza uthenga kuti tibwere kwathu, mwana asabadwire pa mchenga wa eni. Tinakwera lole. Titatsika phiri n'kuona nyanja yathuyi, ndi Likoma patsidya, amayi anapempha kuti galimoto iime. Anasanza. Kenako anati tiyeni.

Iwe unabadwa mvula itayamba. Anthu anabwera kudzakhala nafe pakhonde, koma maliro sitinalire, chifukwa panalibe woika m'manda. A padiri anapemphera mosamala, osatchula mawu akuti imfa. Amayi sanamete. Mpaka lero sanamete.

Zaka zinapita. Iwe unamera mano n'kuyamba kundiluma. Ine ndinalimbana ndi sukulu mpaka desima, kalasi ya khumi, kenako ine ndi masamu tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Ndinayamba kuyanika usipa wa anthu pa thandala. Amalume ali ndi boti labwino, koma ankapalasa ndi manja, pomwe anzawo akuwadutsa ndi injini kupita ku Likoma ndi matumba a ufa, n'kumawabayibitsa ngati akudutsa agogo.

Za injini palibe ankanena. Ukatchula, akuluakulu ankati chomwe chalowa m'nyumba ya boma chalowa m'mimba mwa ng'ona. Ine ndinkaikumbukira ndikamva ina ikulira m'mawa. Atate alibe manda. Alibe chithunzi. Malaya awo anatsala komweko. Chinthu chokha padziko chomwe anachigwira ndi manja awo, chomwe ndinkadziwa komwe chili, chinali chimenecho.

Loweruka lina ndikutembenuza usipa, wailesi ya pa grosale inalengeza. Inati boma lili ndi katundu yemwe linasunga kuchokera kwa anthu othawa nkhondo, injini, njinga zamoto, makina osokera, ndipo eni ake sanabwere. Inati abwere adzatenge. Zotsala zidzagulitsidwa kwa aliyense wofuna mvula isanayambe.

Ndinathamangira kunyumba, usipa ndinausiyira akhwangwala. Amayi anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti yanena ndi wailesi iti, ya pa grosale kapena iyi yaima patsogolo pawoyi. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Sabata yomweyo ndinali nditauza anthu kuti ndaona ng'ona yotalika ngati Ilala, ndiye sindikanawadandaula kwambiri.

Mawa lake ndinawakoka amalume pa malaya mpaka pa grosale. Tinakhala pa benchi kumvera nyimbo, mpira, mauthenga a maliro, mitengo ya feteleza. Ndinakalamba pa benchi imeneyo. Kenako inalengezanso. Amalume anavula chipewa.

Tinapita ku ofesi ya boma ya pano. Mlembi wake anatifotokozera bwinobwino, ndipo ndikulemba apa kuti wina adzathandizike. Anati boma silimeza katundu wotere. Limalemba, n'kusunga, n'kuiwala, chifukwa eni ake nawonso amaopa kufunsa. Anati si injini zokha. Pali malipiro a anthu omwe anamwalira ali pantchito, pali za asilikali akale, zimangokhala. Mwini wake akapanda kupezeka, mkazi kapena mwana akhoza kutenga. Pamafunika chitupa chako, kalata ya akuluakulu a mudzi yonena kuti ndiwe mwana wa uje, ndi risiti ya chinthucho. Risiti ikasowa, mboni ziwiri zomwe si abale ako. Ndipo salipiritsa. Wina akakuuza pakhomo kuti umupatse ya fanta kuti akuthandize, umulambalale.

Risiti inatsala m'chikwama chija. Abale tili nawo odzaza bwalo la mpira. Mboni yosakhala m'bale tinalibe.

Amayi anakana kupita. Anati nyanja imene ija anaiona mokwanira. Anagulitsa mbuzi ziwiri kuti tipeze zoyendera ine ndi amalume. Pondiperekeza pa shapa, minibasi yakuno, anandikonza kolala, n'kunena kuti, "Ukakafika kumeneko, pakamwapo uchepetse. Ukakawonjezera ngakhale nsomba imodzi, akakubweza chimanjamanja."

Msewu wake sindiufotokoza. Muli maenje oti lole imalowa Lachiwiri n'kutuluka Lachinayi.

Ku Pemba tinapeza ofesi yake. Munali mayi wa magalasi, wonenepa bwino, wolankhula pang'onopang'ono. Anawerenga kalata yathu. Anati dzina la Barnaba silinalembedwe paliponse, chifukwa injini zinalembedwa ndi maina a ngalawa zomwe zinafikira. Anati popanda mboni sangatitsegulire ngakhale chitseko. Anati nthawi yatsala yochepa, ogula ayamba kale kubwera kudzasuzumira pa windo.

Tinapita kugombe lomwe tinafikira lija. Othawa ambiri anakhazikika komweko, anamanga tinyumba, akuwedza. Ndinafunsa za a Sumaila. A Sumaila analipo asanu. Woyamba anali mwana. Wachiwiri ankagulitsa mafoni.

Wachinayi ankamata ngalawa ndi thonje ndi mafuta, atatifulatira. Ndevu zinali zitayera zonse. Ndinawapatsa moni m'chinenero chawo, chomwe chinali chitachita dzimbiri m'kamwa mwanga. Ndinati ndine mwana wa a Barnaba. Anapukusa mutu. Ndinati tinakwera ngalawa yawo tsiku lija. Anati tsiku lija anakweza dziko lonse, ndipo chiyambire kulengeza kuja abwera kale anthu atatu, aliyense akuti injini ija ndi ya bambo ake.

Amalume anandigwira paphewa kuti tizipita.

Ndinati, "Atate ndi aja ankamangirira boti pa mango."

A Sumaila anasiya kumata. Anatembenuka. Anandiyang'ana nkhope, kenako manja.

"Mbuzi ya Mnyanja," anatero.

Anakuwira anthu a pa ngalawa zina. Mawu anayenda gombe lonse. Dzina la atate palibe ankalidziwa. Boti la pa mango ankalidziwa onse. Mayi wina anabwera akupukuta manja, anati ndi uja anandipatsa chinangwa, n'kundiuza kuti ndanenepa. Bambo wina anayamba kuyerekeza momwe atate ankakokera boti, matako kumbuyo, akutukwana nyanja m'Chinyanja. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka. Kenako tonse tinasiya nthawi imodzi.

Boma linafuna mboni ziwiri. M'mawa mwake ndikanakuuza kuti kunabwera chigawo chonse, ndi makanda ndi nkhuku zomwe. Zoona zake, anadzaza khonde la ofesi, ena n'kukhala pa masitepe.

Mayi wa magalasi anasankha a Sumaila ndi mayi wa chinangwa. Anawafunsa payekhapayekha. Kenako anandiitana ine, n'kunena kuti ndifotokoze momwe injiniyo inafikira pa ngalawa ya eni. Ndinafotokoza monga ndalembera apamu. Mango, matope, thabwa, chigubu. Sindinaikemo ng'ona. Amalume anandiuza pambuyo pake kuti anachita kusuzumira kuti aone ngati wolankhulayo ndi ine.

Mayiyo analemba, analemba. Anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anatenga makiyi.

Nyumba yosungiramo inali yaitali, yamdima, yonunkha dzimbiri. Injini zinali zitatsamira khoma mondondozana, zambiri zotuwa ngati yathu. Tizikwangwani tina tinadyedwa ndi chiswe. Mbali ina kunali makina osokera, njinga, mafiriji, majenereta. Panali kanjinga ka mwana, kapinki, kali ndi belu. Ndinafunsa kuti eni ake a zonsezi ali kuti. Mayiyo anati akulengezabe.

Anandiuza kuti ndiloze yathu, ndipo ndiloze kamodzi.

Sindinayang'ane manambala, sindinkawadziwa. Ndinayenda ndi khoma ndikugwira zogwirira. Pulasitiki. Pulasitiki. Chingwe chopanda kanthu. Pulasitiki. Cha kumapeto dzanja langa linagwira mtengo. Wosalala, wokhota mbali imodzi.

Pa zomangira zake panali patatsalira kachidutswa ka chingwe. A Sumaila anakagwira, anati ndi cha ngalawa yawo, analuka okha.

Ndinasaina. Dzanja linalemba Marita ngati la mwana wa kalasi yoyamba. Amalume anaitsamiritsa paphewa kuti anyamule okha, anayenda pang'ono, n'kuitsitsa. Tinainyamula awiri.

Panja a Sumaila anatiperekeza mpaka pamsewu. Ndinali ndisanafunse. Iwo anadziwa. Anati anthu ena anabwererako kumudzi kuja zinthu zitazizira. Nyumba zonse za m'mbali mwa gombe zinapsa. Boti silinapezeke. Za atate palibe anaona kanthu, kaya chabwino kaya choipa. Koma mango ulipo, ndipo chingwe chikadali chomangidwa pamenepo. Khungwa layamba kuchimeza.

Anati, "Ndinkamuseka tsiku lililonse. Akanasiya boti kutali ngati ife, akanathawa ndi banja lake lokha, ife tikanatsala ndi thanga lopanda mphepo." Anandipatsa nsomba zouma zoti ndikapatse amayi. Amayi sanazidye, koma sanazitaye.

Pobwerera ndinaikumbatira ine pa lole. Amalume anakhala pa matumba.

Mchere unali utaidya m'kati. Makaniko wa ku Metangula ataitsegula anaimba mluzu, anati iyi yafa. Ndinamuuza kuti injini iyi inakoka ngalawa ya anthu chikwi pakati pa zipolopolo zogwa ngati mvula ya Januwale. Pakamwa panga panali patabwerera. Anaiviika, anaikwecha, anasintha zina. Anafuna kuikapo chogwirira chatsopano cha pulasitiki, chaulere. Ndinamuuza kuti akachikhudza ndimuluma.

Tinaimanga pa boti la amalume m'mawa wina, pano pagombe pathu. Iwe unalipo, ukukumbuka, unavala kabudula wanga wakale. Anthu anasonkhana, ena kudzaona injini, ena kudzaona Wailesi atanena zoona. Amayi anabwera pomalizira. Anaima pa mchenga, manja kumbuyo.

Ndinafinya kampira. Ndinakoka. Inakana. Ndinakokanso. Inakana. Inakana mpaka thukuta linandilowa m'maso ndipo anyamata anayamba kundiseka. Mwano wake unali womwe uja wa m'mawa uliwonse. Amayi anati, "Ndi yomweyo." Kenako inalira.

Amayi anamvetsera pang'ono. Anayandikira, madzi mpaka m'mawondo, n'kuika dzanja pa chivindikiro chake, pomwe pamanjenjemera. Anakhala choncho. Kenako anati aphika tiyi, n'kubwerera kumtunda.

Masiku ano imapita ku Likoma ndi ufa ndi nkhuni, n'kubwera ndi sopo ndi shuga. Woliza ndine. Amalume amagwira chiwongolero n'kumabayibitsa anzawo opalasa.

Kumudzi kuja tinachoka anayi, kuwerengera ndi iwe. Mtsikana wa poto uja ndinamva kuti ali ku Montepuez, ali ndi mwana. Mayi wa matiresi sindinamvenso za iye. A Sumaila ali moyo. Atate sitikudziwa.

Tikabwera ku Likoma timakokera boti mpaka pansi pa mtengo, n'kulimangirira pamenepo, pomwe amayi angalione ali pakhomo. Umandifunsa chifukwa chake m'mawa uliwonse ndimayamba ndatsikira kugombe ndisanasambe n'komwe. Ndinakuuza kuti ndimakalankhula ndi ng'ona yanga ija.

Ndimakaona ngati madzi alipo. Amakhalapo.